Mabuleki a Kachule

Mpaka lero, ndikakwera minibasi n'kufika potsetsereka, phazi langa lamanja limayamba kuponda pansi lokha, kawiri, katatu, ngati likufuna chinthu chimene linataya. Wokhala nane pafupi amayesa ndikuvinira nyimbo ya dalaivala. Ine ndimangomwetulira, thukuta likuyenderera kumsana.

Ntchito yanga ndi kunenerera. Ena amati ndine dobadoba, ena venda, malemu apongozi anga ankangoti "uja wa pakamwa uja". Ndinafika ku Mzimba kuchokera kwathu ku Dowa ndi chikwama chimodzi cha malaya a kaunjika, ndipo kuyambira pamenepo ndagulitsapo chilichonse chimene munthu angachitchulire mtengo: mbuzi, nyemba, mafoni, malata akale, ngakhale ngolo yopanda ng'ombe. Chitumbuka ndimachimva chonse, mkazi wanga ndi wakonkuno, koma pa malonda ndimadziyesa mlendo wofika dzulo, kuti eni katundu azikambirana mtengo wawo weniweni ine ndili pomwepo ndikuyasamula.

Chida changa chachikulu ndi msana. Munthu akakana mtengo wanga sindikangana naye. Ndimabwezera katundu wake pamalo pake mwaulemu, ndimati yewo, ndimatembenuka n'kuyamba kuyenda, ndikuwerenga mapazi mumtima. Wa tomato amaitana pa phazi lachitatu. Wa mbuzi amalimbako mpaka lachisanu ndi chiwiri. Ndinali ndisanafikepo pa phazi lakhumi osamva mawu kumbuyo akuti, "Bweraniko adada, tikambirane." Msana wangawu ndinkaukhulupirira monga ena amakhulupirira chithumwa.

Galimoto ya nkhani ino ndinaipeza ndikugula nyemba m'mudzi wina kuseri kwa Jenda. Inali m'chigafa cha fodya, matayala onse anayi ataphwa, nkhuku zikuikira pampando wa dalaivala. Kanali kagalimoto kofiira kofupika, kofika m'chiuno mwanga, ka zitseko ziwiri ndi mipando iwiri yokha, denga la nsalu litadyeka ndi makoswe. Mwini wake anali mtchona wa ku Joni. Anabwera nako chaka china pa Khirisimasi, anazunguza nako mudzi wonse kwa milungu itatu, anabwerera ku ntchito pa basi, ndipo ulendo wotsatira anabwera m'bokosi, pa ngolo yokokedwa ndi galimoto ya anzake. Kagalimotoko kanakhala m'chigafamo zaka zisanu ndi chimodzi.

Mkazi wake wamasiye ndinamunenerera monga ndimachitira aliyense, Mulungu andikhululukire. Nditatembenuka, anaitana pa phazi lachiwiri. Anandipatsanso mazira amene anali pampando paja, akuti banyira. Munthu wanzeru akanadabwa ndi changu chimenechi. Ine ndinkangodzitama mumtima.

Ndinakakweza pa lole ya chimanga mpaka kunyumba kwanga pa boma. Mkazi wanga anakazungulira kamodzi, manja ali m'chiuno.

"Inu bambo, mwagula khola la nkhuku la matayala?"

"Iyi ndi galimoto ya mpikisano, mayi. Azungu amaikhumbira."

"Mipando iwiri. Mbwenu tikamapita kumudzi thumba la ufa lizikhala pamwendo panga? Nanga ikadwala, achibale ake ali kuti kuno?"

Funso lomalizali linali lanzeru, n'chifukwa chake sindinaliyankhe.

Amene anakakonda ndi mwana wathu wamkazi, mmodzi yekhayo pakati pa anyamata. Nthawi imeneyo n'kuti atangoyamba uphunzitsi. Anachotsa zitosi pampando ndi tsache, anakhalapo, anagwira chiwongolero. Atakoka kachitsulo kena, nyali ziwiri zinatukuka pamphuno pa galimotoyo ngati maso a chule. Anaseka mpaka misozi, ndipo dzina linakhala lomwelo: Kachule.

"Adada, tsiku la ukwati wanga mudzandiperekeze kutchalitchi pa Kachule. Inuyo ndi ine, awiriwiri. Mwamva?"

Ndinalonjeza msanga, poti chibwenzi chimene ndinkachidziwa panalibe. Lonjezo ndi katundu wotchipa ukamalitenga. Pasanathe chaka kunabwera anthu ochokera ku Euthini, ulemu wawo wonse uli m'manja, kudzafunsira mbeta. Pa nkhani ya malowolo achimwene a mkazi wanga anandikhazika kuseri kwa nyumba, akuti pakamwa panga pangawononge chibale. Ng'ombe zinabwera, tsiku linaikidwa m'mwezi wa Seputembala, ndipo mwana wanga anauza aliyense, mpaka ana a m'kalasi mwake, kuti adzafika pa Kachule.

Amakaniko anga anali bambo wachikulire wokhala pansi pa mtengo kuseri kwa msika, amene anagwirapo ntchito m'magalaja a ku Joni asanatope nako. Tsiku loyamba anatsegula boneti, anasuzumira, anagona pansi, anadzuka, anapukuta manja nthawi yaitali.

"Adada, mundiuze chilungamo. Mukufuna kaziyenda, kazioneka bwino, kapena kaziima?"

"Kuima kaima kale zaka zisanu ndi chimodzi, madala. Kayende kaye."

Anthu amene anali pamenepo anaseka. Iwo sanaseke.

Miyezi inayi ndinaithera pa kagalimoto kameneka. Geni ya nyemba ndinaisiya, mbuzi zinandidutsa ndikuona. Injini inadzuka mwezi wachiwiri, ikutsokomola utsi wakuda, ndipo ndinavina pamsika anthu akuona. Penti ndinanenerera mpaka wopentayo analumbira kuti sadzandipatsanso moni. Mipando anasoka ndi telala wa masofa. Denga tinadula pa lona wa lole. Ndinagulanso hutala ya lole yomweyo, yolira ngati ng'ombe yamphongo, kuti a ku Euthini adzadziwe kuti mwana wawo akukwatira kwa anthu. Chilichonse ndinkachipeza pa mtengo wanga, ndipo madzulo ndinkafotokozera mkazi wanga mmene ndawagonjetsera, iye akusankha mpunga osadzutsa mutu.

Vuto limodzi linali losakonzeka: Kachule kanali kofupika kwambiri. Misewu yathu yafumbi ili ndi mizere iwiri ya matayala ndi msana pakati, ndipo Kachule kankakhula mimba pa msana uliwonse. Anyamata a kabaza ankandikuwiza kuti, "Adada, kanyamuleni pamutu!" Ndinaphunzira kuyendetsa mokhotakhota ngati nkhanu.

Za mabuleki amakaniko anazitchula katatu, ine ndikuti mawa. Kachinayi anandikoka dzanja, anandionetsa kachitsulo kokhala ngati botolo logona, kuseri kwa injini, kumene phazi limakankha.

"Iyi timaitcha masta. Mukaponda, ndi imene imatumiza mafuta ku matayala onse anayi. Mkati mwake mwadyeka dzimbiri, timphira tatha. Ikafa iyi, mbwenu mabuleki onse afa nthawi imodzi. Sichenjeza yayi."

"Singakonzeke?"

"Imafuna yatsopano. Ndipo ya mtundu uwu, pa boma pano ili ndi munthu mmodzi."

Munthuyo ndinkamudziwa: bambo wachisilamu wa kashopu ka masipeya m'mbali mwa msika, wa ndevu zoyera ndi kachisoti koyera, wolankhula motsitsa ngati akuopa kudzutsa mwana. Anakwera pa mpando, anatsitsa kabokosi kafumbi pa shelefu yapamwamba. Anati anaitanitsa kalekale, woitanitsayo sanabwerenso. Mtima wanga unadumpha: katundu wogonera, wopanda wina womufuna. Ndinadziwa kuti ndamugwira pakhosi.

Anatchula mtengo. Ndinaseka, ndinatchula theka lake.

"Ayi, achimwene," anatero. "Mtengo ndi womwewo."

"Bwana, chinthu chimenechi chakhala apa mpaka chamera ndevu ngati inu. Mzimba yonse galimoto yake ndi imodzi, ndipo ndi yanga. Mukandikana ine mugulitsa kwa ndani?"

"Mwina palibe. Koma inunso mukagula kwa ndani?"

Ndinabwezera kabokosiko pa kauntala mwaulemu. Ndinati zikomo. Ndinatembenuka. Chimodzi, ziwiri, zitatu. Zisanu ndi ziwiri. Khumi. Pa khumi ndi zisanu ndinaima ngati ndikumanga chingwe cha nsapato, ndipo nsapato zanga zinali zopanda zingwe. Nditasuzumira kunsi kwa mkono, ndinaona bamboyo ali pa mpando paja, akubwezera kabokosi pa shelefu.

Kubwerera kunali kosatheka. Amayi a tomato anali ataona, a kabaza anali ataona. Munthu amene moyo wake wonse waumanga pa kuchoka sangabwerere yekha osaitanidwa. Mawa lake wa mbuzi aliyense akanadziwa kuti msana wanga ndi wabodza.

Ndinauza amakaniko kuti katunduyo sanali wolingana. Sanandikhulupirire. Kenako ndinawanenereranso iwowo, mpaka anavomera kupala mkati mwa masta yakaleyo ndi kuikamo timphira tochotsa m'galimoto ina yakufa, tosalingana kwenikweni.

"Ndapota nanu adada, mumve," anatero akumanga. "Ichi ndachita n'choti mufikire kunyumba. Musakwezemo munthu amene mumamukonda."

"Ndikweza apongozi okha," ndinatero.

Apanso sanaseke.

Sabata yoyamba mabuleki ankagwira bwinobwino, ndipo ndinayamba kuganiza kuti amakaniko onse ndi aneneri a tsoka. Sabata yachiwiri, ndili pa mphambano, phazi litakhala pa buleki, ndinamva chopondera chikutsika pang'onopang'ono, ngati ndaponda papaya lakupsa. Ndinachotsa phazi, ndinapondanso, chinalimba. Ndinauza mtima wanga kuti ndi nsapato.

M'mawa mwake ndinapeza kadontho pa dothi, pansi penipeni pa malo a dalaivala, kakakulu ngati chivindikiro cha botolo. Ndinakakhudza, ndinanunkhiza. Kenako ndinachita chinthu chimene ndimachita nacho manyazi kuposa zonse: ndinakakwirira ndi mchenga, ndi phazi, ndikuimba mluzu, poti mkazi wanga anali akusesa pakhomo.

Kuyambira tsiku limenelo ndinali ndi mwambo wam'mawa. Kudzuka anthu asanatuluke, kukwirira dontho, kutsegula boneti, kuthira mafuta a mabuleki m'kabotolo kake. Dontho linkakula. Kuponda kamodzi kunasanduka kawiri, kawiri kunasanduka katatu. Buleki ya pamanja inkagwira tayala limodzi lokha, ndiye ndinkayenda ndi mwala kuseri kwa mpando. Chakudya chinaleka kukoma. Ndikaona mwana wanga akuyesa diresi kwa telala, kapena akuseka ndi anzake pakhonde, ndinkazemba n'kukasuzumira pansi pa Kachule.

Tchalitchi chathu chili kumunsi. Kuchokera kunyumba, msewu umayenda pang'ono pathyathyathya, kenako umatsetsereka mpaka pachipata, ndipo kuseri kwa chipatako kuli chigwa cha kamtsinje. Masiku amenewo ndinkapita kukaima pamwamba pa chitundacho, wapansi, n'kumachiyang'ana monga munthu amayang'anira ng'ombe yolusa imene ayenera kuigwira. Ndinkawerengera: ndikalowetsa giya yoyamba, osakhudza kilatchi, injini yokha idzakagwira Kachule kuti kazitsika ngati munthu woyenda. Mabuleki ndidzawafuna kamodzi kokha, pachipata. Kamodzi kokha angakane?

Ndikanatha kunena. Mawu ake anali ochepa: mwana wanga, ukwere galimoto ina. Ndinawayeserera kangapo ndikumeta ndevu. Koma ndikanati ndinene, akanafunsa chifukwa, ndipo chifukwa chake chinali pa shelefu yapamwamba m'kashopu kaja, pa mtengo wosafika ngakhale wa hutala ndi penti.

Lachisanu, ukwati uli mawa, ndinagonja. Ndinaika ndalama yonse m'thumba la malaya, ndinapita m'mawa ndithu, nditatsimikiza kuti sindikatsegula pakamwa. Bamboyo anandilandira ngati sitinaonanepo. Anakwera pa mpando, anatsitsa kabokosi, anatchula mtengo womwe uja. Dzanja langa linali kale pa thumba. Ndiye ndinamva mawu, ndipo anali anga:

"Chotsaniko pang'ono, bwana. Ya sopo yokha."

"Achimwene, ndamva kuti mawa mukukwatitsa."

"Eya, n'chifukwa chake muchotseko. Ikhale mphatso yanu."

"Mphatso ndibweretsa ya mbale. Ichi mtengo wake ndi womwewo."

Miyendo yanga inatembenuka yokha. Ndikunena zoona, sindinaitume. Ndinawerenga mpaka khumi, mpaka makumi awiri, mpaka ndinapezeka pa depoti. Ndinadziuza kuti ndimusiye aphike pang'ono, ndibwerera masana. Pakati apo alendo a ku Dowa anafika, mipando ya kuholo inasowa, nkhuni zinachepa. Pamene ndinkabwerera dzuwa linali litapendeka, ndipo ndinapeza chitseko chachitsulo chili ndi loko. Zaka zonsezi ndakhala pamsika umenewu, ndinaiwala kuti Lachisanu masana amapita kukaswali. Mayi wogulitsa nthochi pafupi anati, "Akatuluka ku mzikiti akwera basi, akukaoda katundu ku Lilongwe. Lolemba, adada."

Ndinasuzumira pa kampata ka chitseko. Kabokosiko kanali pa kauntala, sanakabwezere pamwamba. Anali atandisiyira pafupi.

Loweruka kunacha bwino mopanda chisoni. Ndinakwirira dontho, lomwe tsopano linali ngati mbale, ndinadzaza kabotolo mpaka pakamwa. Atsikana anamanga maliboni oyera pa Kachule, denga tinalipinda. Asebele anga, bambo a mkwati, anabwera kudzakaona, atavala jekete ndi kachikopa kumutu.

"Asebele, nadi mwachita chomene! Galimoto iyi ku Euthini sinafikeko."

"Singafikeko, asebele, ingatsale pa msana woyamba," ndinatero, ndipo tinaseka tonse.

Mwana wanga anatuluka. Diresi linadzaza mpando wake n'kusefukira pa giya, moti ndinachita kulikankha kuti ndipeze chogwirira. Anandiyang'ana kudzera mu nsalu yakumaso.

"Adada, mukunjenjemera. Akukwatiwa ndinu?"

"Ndi chimwemwe, mama."

Pathyathyathya paja tinayenda bwino. Galimoto za operekeza zinali kumbuyo, zonse zikuliza mahutala monga timachitira pa ukwati. Ndinayesa buleki: kamodzi, kawiri, kachitatu inagwira. Pamwamba pa chitunda ndinalowetsa giya yoyamba, ndinachotsa phazi lamanzere pa kilatchi, ndinaliika kutali. Kachule kanayamba kutsika kakung'ung'udza, pang'onopang'ono, monga ndinawerengera. Ndinayamba kupuma.

Chimene sindinachiwerengere ndi amayi.

Pakati pa chitundacho anali akutidikirira, amayi a kwathu ndi a ku Euthini pamodzi, mwina makumi atatu. Atationa anathamangira mumsewu ndi nthungululu, akuvula zitenje za pamwamba n'kumaziyala pansi kuti mkwatibwi adutsepo. Ndinauonapo mwambo umenewu kambirimbiri, ndinauomberapo m'manja: galimoto ikadutsa pa chitenje, mwini wake amachitola kumbuyo, amathamangira kutsogolo, amawerama n'kuchiyalanso patsogolo penipeni pa matayala. Amawerama atapereka msana kwa galimoto, poti amadziwa kuti dalaivala wa ukwati amaima, amadikira, amaseka.

Woyamba ndinamudutsa. Wachiwiri anachoka nthawi yake. Wachitatu anachedwa, chitenje chake chitapindika ndi mphepo, ndipo anagwada kuti achiwongole. Ndinazindikira duku lake, poti nsalu yake ndinainenerera ndine. Anali mkazi wanga.

Thupi lili ndi nzeru zake zopusa. Mapazi onse awiri anaponda pamodzi, kilatchi ndi buleki, monga dalaivala aliyense amachitira. Kilatchi inamasula injini. Buleki inatsika mpaka pansi, phwa, popanda chilichonse choikaniza, ngati ndaponda m'madzi. Ndinapopa. Phwa. Ndinapopanso. Phwa. Kachule, kamene injini inali itakagwira, kanapepuka n'kuyamba kuthamanga.

Ndinakanikiza hutala ndi dzanja lonse. Hutala ya lole ija inabangula, ndipo amayi anayankha ndi nthungululu zokweza, akuvina, akuyandikira. Galimoto zakumbuyo nazo zinawonjezera. Ndinakuwa kuti, "Chokani! Fumaniko!" koma pa ukwati bambo wa mkwatibwi akamakuwa ndi kugwedeza dzanja ndiye kuti wakondwa. Mayi wina anandikupizira chitenje kumaso akuseka.

Ndinaona msana wa mkazi wanga ukukula. Ndinaona chigamba cha thukuta pakati pa mapewa ake. Kupitirira iye kunali ana a kwaya atandanda pachipata, kupitirira iwo kunali chigwa. Ndinakoka buleki ya pamanja, tayala limodzi linakhukhuluzika, galimoto inapotoka pang'ono koma sinaime. Mwana wanga sanakuwe. Anali atayang'ana pansi, pa phazi langa likupopa chabe, ndipo dzanja lake linagwira mkono wanga mpaka zikhadabo kulowa.

Kumanja kwa msewu kunali mulu wautali wa dothi, umene okonza msewu anausiya m'mphepete mwa ngalande. Galimoto ina iliyonse ikanaukwera n'kugwera kuseri. Sindinganame kuti ndinaganiza. Ndinangokhotetsa chiwongolero chonse, ndikuchotsa phazi pa kilatchi. Injini inalira, mphuno inakwera, ndipo ndinamva phokoso lija limene a kabaza ankandiseka nalo, mimba ya Kachule ikukhula dothi, koma ulendo uno lalitali, lakuya, ngati khasu la ng'ombe. Tinagwedezeka. Injini inazima. Kachule kanakhala pa mimba pamwamba pa muluwo, tayala limodzi likuzungulira m'mwamba.

Fumbi litachepa ndinaona mkazi wanga ataima, ali bwinobwino, akukutumula duku. Ngodya ya chitenje chake inali pansi pa tayala lakumanzere. Pakati pa bondo lake ndi chitsulo cha kutsogolo pakanangokwana chipewa changa.

Ndiye anthu anaseka. Anaseka mpaka ena kukhala pansi. Kwa iwo nkhani inali yodziwika: kagalimoto kofupika kakodwanso. Asebele anafika akuthamanga, akupukuta misozi. "Munanena, asebele, munanena! Msana woyamba!" Mkazi wanga anakoka chitenje chake, chinang'ambika, ndipo anandilozera chala: "Inu bambo, maso muli nawo? Chitenje chatsopano!" Ndinazindikira kuti palibe amene waona. Ndikanatha kutuluka, kugwada mwanthabwala, n'kukhala nkhani yokoma ya pa ukwati. Pakamwa panga panali patayamba kale kukonza mawu.

Mwana wanga anali asanasiye mkono wanga. Anakweza nsalu yakumaso. Milomo yake inali yotuwa.

"Adada, mabuleki palibe."

"Palibe, mama."

"Munkadziwa?"

Moyo wanga wonse, munthu akandifunsa funso, ndimayamba ndi theka. Ndikanati ndinkakayikira. Ndikanati amakaniko. Ndikanati dzulo ndinapita koma ndinapeza potseka, zomwe zinali zoona ndithu.

"Ndinkadziwa."

"Kuyambira liti?"

"Milungu itatu."

Anayang'ana amayi ake, amene anali akuonetsa anzawo pong'ambika paja. Anayang'ana ana a kwaya. Kenako anatsitsa nsalu yake, anatsegula chitseko yekha, anakana dzanja langa. Amayi aja anayalanso zitenje, ndipo mwana wanga anatsika chitunda chonsecho wapansi, akuponda pa nsalu, mutu uli chilili. Anthu mpaka lero amati sanaonepo mkwatibwi wolowa mokongola chotero. Ine ndinatsatira kumbuyo. M'tchalitchi, abusa atafunsa wopereka mwanayu, mawu anga anatuluka ngati a nkhuku yonyowa, ndipo anthu anati ndagwidwa ndi chisoni cha kholo.

Mwana wanga sanawauze amayi ake tsiku limenelo, kapena tsiku lina lililonse. Ndinawauza ndine, patapita masiku, tili awiri. Sanakalipe. Anangofunsa kuti, "Mchenga uja munkakwirira m'mawa uliwonse unali wa chimenecho?" Ndiye kuti ankaona. Ankayesa ndi mafuta wamba a galimoto yakale.

Lolemba ndinali pakhomo pa kashopu kaja kasanatsegulidwe. Bamboyo anafika, anatsegula loko, anandipatsa moni. Kabokosi kanali pomwe paja. Ndinaika ndalama pa kauntala osalankhula. Anandiyang'ana, anayang'ana ndalamazo.

"Lero simuyenda, achimwene?"

"Miyendo yatopa, bwana."

"Lachisanu lija ndinatsala pang'ono kukuitanani," anatero akukulunga kabokosiko m'pepala. "Koma ndinati, munthu wamkulu, akukwatitsa mawa, abwerera yekha. Ndinakudikirani mpaka nthawi ya swala."

Masta yatsopanoyo amakaniko anaimanga tsiku lomwelo, ntchito yosakwana ola limodzi. Miyezi inayi ya penti, mipando ndi hutala, ndipo chimene chinkafunika chinali ola limodzi. Atamaliza anaponda, chopondera chinalimba ngati mwala. Sananene kuti ndinakuuzani. Anangofunsa ngati mkwatibwi anafika bwino, ndipo ndinati anafika.

Kachule ndikadali nako. Mabuleki ake tsopano ndi abwino kuposa a galimoto iliyonse pa boma pano, ukangokhudza kamaima ngati kamva dzina lake. Pafupifupi mwezi uliwonse ndimakapititsa kwa amakaniko kuti akaone, mpaka amandithamangitsa. Pamsika ndimanenererabe, munthu sasiya chimene chimamudyetsa, koma ndikatembenuka sindiwerenganso bwino, ndimasokoneza pa zinayi.

Mwana wanga amabwera pa tchuthi chilichonse. Amandipatsa moni mwaulemu, amandibweretsera uchi wa ku Euthini, timaseka. Chaka chatha anabwera ndi khanda, mdzukulu wanga woyamba. Tsiku lobwerera, chikwama chili pakhonde, ndinatulutsa makiyi.

"Ndikuperekezeni ku depoti, mama. Zonse n'zatsopano, masta, mapaipi, zonse. Ukhoza kufunsa amakaniko."

Anayang'ana Kachule, kali phee pansi pa mtengo wa mango, kofiira, kotsukidwa m'mawa womwewo. Anakonza mwana kumsana, anamangitsa chitenje pachifuwa.

"Tiyenda pansi, adada. Si patali."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinenerere, ndinatsekanso. Ndinabweza makiyi m'thumba, ndinanyamula chikwama, ndipo tinayenda.